Nkhope Yosamukira pa Galasi

1. Lachinayi

Lachinayi lililonse, belu la tchalitchi likangolira kawiri masana, Zélie ankanyamula dengu la zovala zosita n'kutsika nalo chitunda cha Belleville. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Anzake a kochapira zovala ankaukana ulendo umenewu, chifukwa unkadutsa theka la mzinda wa Paris ndipo kumapeto kwake kunali masitepe zana limodzi ndi awiri. Zélie yekha ankachita kuupempha.

Pamwamba pa masitepewo, m'zipinda ziwiri za pansi pa denga, munkakhala Mayi Quillard. Pa utsikana wawo anali wojambula wodziwika. Sankajambula mafumu kapena angelo. Ankaima m'mbali mwa msewu n'kujambula aliyense wodutsa, ndipo ankagwiritsa ntchito pasitelo, timachoko tofewa tamitundumitundu timene timanyenyeka m'zala. Tsopano maso awo anali atachita ng'ala. Munthu akalowa ankamuzindikira ndi mayendedwe.

Zithunzi zawo zonse zinapita m'nyumba za anthu olemera, kupatula chimodzi. Chimenecho chinkalendewera pakhoma, m'felemu yamatabwa yotsekedwa ndi galasi, pakati pa zenera ndi mbaula.

Chinali cha msewu wa kumsika, mvula itangosiya. Ngolo ya mahatchi yonyamula anthu inali itaima, bambo wina akulimbana ndi ambulera yake, wowotcha mtedza akukupiza makala, nyali zikusambira m'zithaphwi. Ukachiyandikira kwambiri unkangoona timizere ndi madontho. Ukabwerera m'mbuyo mapazi atatu, msewu wonse unkadzuka.

Pakati pa anthuwo pankadutsa mayi wochapa zovala, dengu m'chiuno, shawelo yobiriwira m'mapewa. Anali atacheuka ngati wina wamuitana. Kamtsikana kanali katagwira siketi yake.

Zélie anaizindikira shaweloyo tsiku loyamba. Inali ndi chigamba chachikasu pangodya, ndipo shawelo yomweyo, ya chigamba chomwecho, inali m'bokosi la azakhali ake. Pansi pa chithunzi panalembedwa chaka. Pa chaka chimenecho Zélie anali ndi zaka zinayi. Chaka chotsatira, mayi ake Clémence anamwalira ndi chifuwa, osasiya chithunzi chilichonse.

Zélie sanauze munthu. Anachisunga ngati kandalama kotola, kamene ukakaonetsa mwini wake amapezeka.

Tsiku loyamba lomwelo, Mayi Quillard anamugwira pamkono n'kumulangiza.

“Mwana iwe, m'nyumba muno ukhoza kusuntha mipando, ukhoza kuswa kapu, sindikukalipira. Koma chithunzi icho usachikhudze. Usachipukute, usachiuzire mpweya, usamenyetse chitseko. Anthu amaganiza kuti chithunzi chikatha ndiye kuti chauma. Cha mafuta chimauma, zoona. Ichi sichidzauma, chifukwa sichinanyowepo. Ndi fumbi lokhalokha longotsamira pa pepala, ngati ufa wa pa phiko la gulugufe. Anzanga amawaza mankhwala omata fumbilo, koma mankhwalawo amadetsa mitundu, mvula imasanduka matope. Ine ndinakana. Tsono galasi likada ndi utsi, lisiye lide. Kuli bwino galasi lakuda kusiyana ndi galasi loyera lopanda kanthu kumbuyo kwake. Wamva?”

Zélie anati wamva.

2. Banga silidikira mawa

Koma Zélie anakulira kochapira zovala, ndipo kumeneko lamulo loyamba linali lina. Azakhali ake ankalinena tsiku ndi tsiku: banga silidikira mawa. Mwana wa kumeneko akaona dontho pa kolala, zala zake zimayamba kutikita mutu usanaganize.

Utsi wa mbaula unali utaphimba galasi lonse. Nkhope ya mayi ake inkaoneka ngati ya munthu woima kuseri kwa nsalu. Zélie anadziuza kuti galasi si chithunzi. Fumbi lili mkati, iye ali kunja. Cholakwika chingakhale chiyani?

Mayi Quillard anali ndi chizolowezi cholongedza okha zovala m'kabati ya kuchipinda, mochita kufufuza ndi manja, ndipo ankatenga nthawi. Nthawi imeneyo Zélie ankakulunga chala m'ngodya ya mpango wake waubweya n'kutikita galasi. Sankapukuta lonse. Ankangoyeretsa malo ozungulira ngati kambale, okwanira nkhope, phewa ndi pakamwa pa dengu.

Akatero ankanong'ona kuti, “Ndabwera, amayi.”

Anachita zimenezi miyezi isanu ndi inayi.

Lachinayi la nkhani yathu linali la mu Novembala. Nkhungu inali itakuta mzinda kuyambira m'mawa, ndipo dzuwa linangotulukira pang'ono, lili pansi, n'kulowa pazenera cham'mbali. Zélie anatikita monga mwa masiku onse. Kenako dzanja lake linauma.

Nkhope zinali ziwiri.

Ina inali pa pepala, yotuwa, maso ake atatsala pang'ono kuzimiririka. Ina inali patsogolo pake, yopyapyala ngati mpweya wa m'kamwa pa tsiku lozizira. Zélie anapendeketsa mutu kumanja, nkhope ya patsogolo inasiyana ndi inzake. Anapendeketsa kumanzere, zinakumananso. Zinkaoneka ngati mayi ake atopa nawo msewu uja, ndipo ayamba kutuluka kubwera kwa iye.

Anachita mantha, komanso mtima wake unasangalala. Sanadziwe kuti athawe kapena atambasule manja.

Mayi Quillard anatuluka kuchipinda akumwetulira, zimene sizinkachitika kawirikawiri. Anamuuza kuti achinyamata ena ojambula awakumbukira. Akukonza chionetsero kutsidya kwa mtsinje, ndipo apempha chithunzi cha msewu kuti chikakhale pakhoma loyang'ana kukhomo. Patha zaka khumi ndi chimodzi popanda wina wowapempha kanthu. Loweruka m'mawa, Bambo Bricard okonza mafelemu adzabwera ndi ngolo kudzachitenga.

Kenako anatembenukira kukhoma n'kutsinzina maso awo oyerawo.

“Ine ndikungoona chobiriwira,” anatero. “Tandibwereke maso ako. Mayi wa shawelo uja akucheukabe?”

“Akucheukabe, mayi,” anayankha Zélie.

Anatsika masitepe onse osagwira chitsulo cha m'mbali, dengu likugunda khoma.

3. Malangizo awiri

Kochapira kunali nthunzi yokhayokha. Nsimbi zinali pamoto, malaya akudontha pa zingwe. Azakhali ake a Zélie, Mayi Léontine, anali kumbuyo akusita nsalu za patebulo. Iwowa anali alongo awo a malemu bambo ake, ndipo ndi amene anamulera.

Pafupi ndi khomo pankasita Mathurine, mayi wonenepa wokonda nthabwala, amene mwamuna wake ankagwira ntchito yoika magalasi m'mazenera.

“Yafika mfumukazi ya masitepe,” anatero Mathurine. “Nkhope yatuwa choncho bwanji? Kapena mnyamata wa pamwamba paja wakukana? Usatinamize ife, palibe mtsikana amakwera masitepe zana chifukwa cha gogo.”

Atsikana ena anaseka. Zélie sanaseke. Anadikira mpaka onse atabwerera ku ntchito, kenako anamunong'oneza Mathurine zonse: shawelo, chigamba, mpango waubweya, nkhope ziwiri, ndi ngolo yobwera Loweruka. Pomaliza anafunsa ngati akufa amatha kubwerera kudzera m'zithunzi.

Mathurine anaika nsimbi pansi. Anamuuza kuti pamenepo panalibe mzukwa. Anamukumbutsa mmene tsitsi limatsatirira chipeso masiku ozizira. Galasi nalonso limatero, anatero, ukalitikita ndi ubweya wouma limakoka fumbi. Mwamuna wake ankanena kuti galasi la pasitelo amalitsuka ataligoneka pambali, ndi nsalu yonyowa, chithunzi chili kutali. Zimene Zélie ankaona zinali fumbi la nkhope limene linadumpha pa pepala n'kumata kumbuyo kwa galasi, Lachinayi ndi Lachinayi.

“Ndiye kuti ndine?” anafunsa Zélie.

“Ndiwe, mwana wanga. Ndipo lotsalalo lagwedera kale. Ngolo ikangodutsa pa miyala ya m'misewu muno, pofika kutsidya mayi ako adzakhala ali pansi pa felemu, ngati ufa wotsalira m'thumba.”

Ataona kuti mtsikanayo wagwira tebulo, Mathurine anafewetsa mawu. Anati nkhaniyi inali yosavuta. Gogoyo saona. Timachoko tili pomwepo m'bokosi. Zélie alowe ndi sizasi, atsegule kumbuyo kwa felemu, apukute galasi, abwezeretse masaya. Nkhope ndi chiyani? Maso awiri, mphuno ndi pakamwa, basi.

Onse awiri sanaone kuti Mayi Léontine anali ataima kumbuyo kwawo. Fungo la nsalu yopserera ndi limene linawadzidzimutsa. M'zaka makumi atatu, Mayi Léontine anali asanaiwalepo nsimbi pa nsalu.

Anamukokera Zélie kukachipinda ka sopo n'kutseka chitseko. Poyamba anafunsa za chithunzicho: Clémence wanyamula chiyani, waima ndi yani. Zélie atanena kuti dengu la zovala ndi iyeyo ali wamng'ono, anapumira m'mwamba. Kenako anayamba.

“Ndimvere bwino, chifukwa sindibwereza. Utseke pakamwa. Chithunzi chikafika chitawonongeka, adzanena kuti ndi ngolo, ndipo ngolo ilibe ana oti idyetse. Iwe ukaulula, mawa msewu wonse udzadziwa kuti atsikana a kwa Léontine amagwiragwira zinthu m'nyumba za anthu. Ukuganiza kuti adzatipatsanso ndani malaya ake? Wolemera akalakwa amati wakhumudwa, wosauka akalakwa amati ndi khalidwe lake. Ndipo china: akufa asiye agone. Mayi ako anavutika mokwanira ali moyo, usawadzutse ndi chala. Ine ndakudyetsa, ndakuveka, sindinakumane kanthu. Zimene sindinakuuze, sindinakuuze chifukwa chokukonda. Kuyambira lero kwa Mayi Quillard kuzipita Mathurine.”

Zélie anafunsa kuti zimene sanamuuzezo ndi ziti.

Mayi Léontine anatsegula chitseko n'kumuuza kuti akachotse nsalu yopserera ija patebulo.

4. Kachoko m'dzanja

Loweruka m'mawa nkhungu inali isanachoke. Zélie anatumidwa kukapereka makolala pafupi pomwepo. Atapereka sanabwerere. Anayenda mofulumira, kenako anathamanga. M'thumba la epuloni yake munali sizasi.

Mayi Quillard anamutsegulira atavala diresi lakuda la masiku aakulu, tsitsi lisanamangidwe. Sanadabwe kumva mayendedwe ake pa tsiku losakhala lake. Anangomuuza kuti akhale pansi, iwo akamalize kudzikonza, chifukwa munthu saperekeza chithunzi chake ali ngati wodwala. Analowa kuchipinda n'kubweza chitseko.

Bokosi la pasitelo linali patebulo, lotsegula. Timachoko tinali tambirimbiri, tina tatitali, tina totsala ngati njere. Ta mtundu wa khungu lokha tinali toposa makumi awiri.

Zélie anatulutsa sizasi. Anayang'ana kumbuyo kwa felemu: pepala lofiirira lomata m'mbali monse, ndi timisomali. Inali ntchito yochepa.

Koma asanadule, anaganiza zoyeserera kaye. Anatenga pepala limene munali buledi n'kuliyala patebulo. Anasankha kachoko kofiirira pang'ono. Kanali kofewa kuposa mmene ankaganizira, ndipo kanamusiyira ufa m'zala.

Anajambula nkhope yoyamba. Inatuluka ngati ya azakhali ake. Anatembenuza pepala n'kujambula ina. Imeneyo sinafanane ndi munthu aliyense. Anatsinzina kuti akumbukire mayi ake ali moyo. Anakumbukira chifuwa cha usiku, fungo la sopo, dzanja lokhakhala. Nkhope sinabwere. Nkhope yokhayo imene ankaidziwa inali ya pakhoma ija, ndipo theka lake linali pa galasi limene Mathurine anati alipukute.

Anayandikira chithunzi. Sanapeze maso awiri, mphuno ndi pakamwa. Patsaya panali kamzere kobiriwira. Pansi pa diso panali kadontho ka buluu. Mlomo unali kukhudza kumodzi kokha kwa choko. Aliyense amene akanaikapo dzanja akanajambula mlendo pamwamba pa mayi ake.

Kunja kunamveka ziboda za hatchi ndi mateyala achitsulo akugunda miyala. Ngakhale pamwamba pomwepo, zenera linanjenjemera.

Zélie anabweza sizasi m'thumba. Kachoko kanatsala m'dzanja.

Bambo Bricard anafika akupuma movutikira, bulangete lokutira zithunzi lili paphewa. Anali mkulu wa ndevu zoyera, wa magalasi okhala kumapeto kwa mphuno. Anadandaula kuti Mayi Quillard anasankha kukhala pafupi ndi Mulungu pofuna kupha anzawo onse ndi masitepe. Mayi Quillard anatuluka n'kuwayankha kuti amene akuwapha ndi vinyo, masitepe akungothandizira. Ankanyozana choncho kwa zaka makumi anayi.

Bambo Bricard anayala bulangete n'kutambasula manja kuti atsitse chithunzi.

“Musachinyamule, bambo,” anatero Zélie.

Mawu ake anali aang'ono, koma onse awiri anaima.

5. Madzi akatayika

Zélie anaima pakati pa chipinda n'kunena zonse motsatana. Ananena za mpango waubweya ndi miyezi isanu ndi inayi. Ananena kuti Lachinayi ananama. Anatulutsa sizasi n'kuiika patebulo, pambali pake n'kuikapo kachoko. Pomaliza ananena chimene anali asanauzepo mwini nyumbayo, kuti mayi wa shawelo ndi mayi ake, ndipo kamtsikanako ndi iye.

Mayi Quillard anafufuza mpando ndi dzanja n'kukhala pansi.

Bambo Bricard anatsitsa chithunzi pang'onopang'ono, ngati wanyamula mbale yodzaza msuzi, n'kuchigoneka chagada patebulo. Anadula pepala la m'mbali, anazula timisomali, kenako ananyamula galasi molunjika m'mwamba. Analilozetsa kuzenera.

Pa galasi lakudalo panali bwalo limodzi loyera, ndipo m'bwalomo mayi ankacheuka. Kuwala kwa nkhungu kunkadutsa m'masaya mwake.

Mkuluyo anayang'ana pepala nthawi yaitali. Kenako ananena kuti mwanayu wanena zoona. Fumbi la pankhope linali litagwedera, ndipo ngolo ikanalimaliza lonse asanafike n'komwe pa mlatho. Chimene chatsala chingakhale zaka zambiri ngati chithunzi sichituluka m'nyumba muno. Koma ulendo uliwonse, wa pangolo kapena wa pamanja, iye sangauvomereze.

Zélie anafunsa ngati fumbi la pa galasi lingabwezedwe.

“Madzi akatayika sawoleka, mwana wanga,” anatero Bambo Bricard. “Fumbi ndiye kaya.”

Anatembenukira kwa Mayi Quillard n'kuwapempha kuti ajambulenso nkhopeyo.

“Ndi maso ati?” anafunsa iwo.

Pansi, hatchi inkagwedeza mabelu a m'khosi mwake. Mayi Quillard anasalaza diresi lawo lakuda pamaondo, kenako anauza Bambo Bricard kuti abweze ngolo. Chithunzi sichipita.

Zélie anayamba kulira. Mayi Quillard anamusiya alire pang'ono, kenako anamuitana pafupi.

“Pukuta misozi, ingadonthere pa pepala. Ndikuuza zinthu zitatu, ndipo ziwiri zikuwawa. Choyamba: wandilanda khoma langa lomaliza. Sadzandipemphanso, ndikudziwa. Lolemba udzapita ndi Bricard kwa anyamata aja, ukawauze ndi pakamwa pako chifukwa chimene khomalo lili lopanda kanthu. Chachiwiri: chimene chadya nkhope ya mayi ako si chala chako. Ukanandiuza tsiku loyamba kuti uyu ndi mayi anga, ndikanakuikira mpando apa. Bricard akanatsuka galasi ndi nsalu yonyowa khofi asanazizire. Koma unasankha kukonda mobisa, ndipo chikondi chobisa chimagwira zinthu molakwika, chifukwa chilibe wochiuza kuti gwira chonchi. Unandimva ndikuti usapukute, sunafunse kuti chifukwa chiyani, unangofunafuna mpata m'mawu anga. Chachitatu: ukanakhala chete lero, bwenzi pano tilibe kanthu, iwe ndi ine. Theka latsalali walipulumutsa ndi pakamwa pomwepo pamene panandinamiza. Usaiwale zonse ziwiri.”

Kenako anaseka kuseka kouma.

“Ndipo ine ndikukulalikira chiyani? Mumsewu uno muli ochapa atatu. Ukuganiza kuti ndimatumiza malaya anga ku Belleville chifukwa madzi a kumeneko ndi okoma? Ndinakudziwa usanalowe. Mayi ako ankakwera masitepe awa modumpha imodzi, ngati iwe. Ndinadikira kuti uyambe ndiwe. Iwe unadikira kuti ndiyambe ndine. Fumbi lokha ndi limene silinadikire.”

Analamula Bambo Bricard kuti galasilo asalitsuke. Aikepo galasi lina pamwamba, amate m'mbali, kuti nkhopeyo itsekeredwe pakati. Likatha, lidzakhala la Zélie.

6. Za m'dengu

Bambo Bricard anatsamiritsa galasi pamalo abwino n'kubwerera patebulo kuti aphimbe chithunzi. Anawerama. Anakankhira magalasi awo m'mwamba, anaweramanso.

“Ernestine,” anatero, kuitana Mayi Quillard dzina limene Zélie anali asanalimvepo. “M'dengu umu munali zovala, eti?”

Mayi Quillard anatembenuzira nkhope kuzenera.

Zélie anayandikira. Bwalo limene ankatikita linkafika mpaka pakamwa pa dengu. Pamenepo fumbi loyera la zovala linali litapepuka, ndipo pansi pake pankaoneka mitundu ina, yakale. Anabwerera m'mbuyo mapazi atatu, monga mmene chithunzicho chinkafunira.

Pakati pa nsalu panali kamutu. Kanali ndi kachipewa ka makanda, maso otsinzina, ndi kankhonya kotsamira patsaya.

“Ndine ameneyu?” anafunsa, ngakhale ankadziwa. Iye anali pomwepo pambali, wa zaka zinayi, atagwira siketi. Bambo ake anamwalira iye asanayambe kuyenda, choncho khandalo silikanakhala lawo. Ndipo moyo wake wonse anauzidwa kuti mayi ake anabereka mwana mmodzi.

Mayi Quillard anatambasula dzanja mpaka linapeza m'mphepete mwa tebulo.

Anafotokoza motsitsa mawu. Anati anamuona Clémence mumsewu tsiku la mvula lija, n'kumupempha kuti azibwera kudzaima kuti amalize nkhope. Anabwera kanayi, khanda lili m'dengu. Ulendo wachisanu anabwera yekha, maso atatupa. Anagwada pamalo pomwe Zélie anaimapo n'kupempha kuti mwanayo afufutidwe, kuti asadzaonedwe ndi munthu. Mayi Quillard anavomera. Koma dzanja lawo linakana kufufuta, ndiye anangomufunditsa fumbi loyera.

“Anamwalira?” anafunsa Zélie.

“Mwana wakufa safufutidwa, amaliridwa,” anatero Mayi Quillard. “Anali mtsikana, wathanzi, wolira mokweza. Mayi ako anandiuza chinthu chimodzi chokha. Anati mlamu wawo ananyamula dengulo m'mawa, mwana ali momwemo, ndipo masana analibweza lili ndi zovala.”

Zélie anayang'ana kankhonya kaja. Anawerenga zaka ndi zala zake zothimbirira ufa wa choko. Khumi ndi chimodzi.

Pansi penipeni pa nyumbayo chitseko cha kumsewu chinamenyetsedwa, ndipo zenera linanjenjemeranso. Bambo Bricard anatambasula manja pamwamba pa chithunzi ngati nkhuku pa anapiye. Wina anayamba kukwera, molemera, akukoka phazi lamanzere, makiyi akulira m'chiuno. Zélie anakula akumva mayendedwe amenewo m'mawa uliwonse.

Sanabisale. Anapita kukhomo, analitsegula lonse, n'kuima pamwamba pa masitepe. Azakhali ake anali ndi masitepe zana limodzi ndi awiri oti akonzere yankho. Funso linali litakonzeka kale.